Dongo Pamutu pa Pisitoni

Gusheshe ya Faizel inabwera chokokedwa
Lachiwiri, matalala atangoleka kusasantha malata a ku Booysens.
Akuti Loweruka usiku ankaizunguza pabwalo,
matayala akufuka, anthu akukuwa,
kenaka ngwe!
kamodzi kokha, ngati supuni yagwa pasimenti,
injini n'kuti zii.

Tinavula hedi, ine ndi Malizani.
Pamutu pa pisitoni yachinayi panali kachipsera konga chikhadabo,
vavu itapindika khosi ngati nkhuku ya chitopa.
Amene anaimanga kale anapala hedi kawiri,
n'kuikamo kamu yonenepa yokankha mavavu mopyola,
osafunsa ngati m'kanyumbamo
mwatsala malo oti awiri n'kulambalalana.

Faizel akufuna mphamvu.
Ndani muno mu Joni sakufuna mphamvu?
Ndinati: bwana, chitsulo chikatentha chimatupa.
Iye anayang'ana wotchi.

Dongo ndinakagula ku Mayfair, mushopu ya zolembera,
lobiriwira, la ana a sukulu ya mkaka.
Wogulitsa anafunsa zaka za mwana wanga.
Ndinati zisanu ndi chimodzi, ndipo sindinaname,
kungoti ali ku Mponela
ndipo sanandionepo ndili ndi ndevu.

Ndinamata dongolo pamutu pa pisitoni yatsopano,
kadontho ka oyilo pavavu kuti isakakamire,
hedi pamwamba, mabawuti motsatana,
n'kupukusa injini ndi dzanja, kawiri,
pang'onopang'ono, khutu lili tcheru
ngati munthu wodutsa pa Jeppe mapepala atatha ntchito.

Titavulanso, vavu inali itasiya phazi lake.
Ndinacheka ndi lezala, n'kuyeza.
Theka la milimita.
Pofunika awiri, mwina awiri ndi theka kumbali ya utsi.
Malizani anaimba likhweru:
apa mpongozi ndi mkamwini akumana pakanjira.

Magetsi anathima folo koloko.
Tinanyamula mapisitoni sikisi m'katoni ya mazira
kupita kwa Oom Dirkie ku Selby,
mkulu wa zala zisanu ndi zitatu amene sapereka moni,
koma makina ake sanama.
Anakumba timaenje ta mavavu, osazamitsa,
poopa kuboola denga.
Ine ndinaitanitsa gasiketi yokhuthalako,
Faizel akudandaula pafoni kuti mphamvu ithawa.
Ithawe pang'ono, bwana. Yotsalayo mukafika nayo kunyumba.

Panatsala khoma la silinda.
Mapisitoni osulawa ndi anthu aukali:
m'mawa amaoneka ochepa, akatenthedwa amadzaza nyumba.
Ukawathinitsa, aluma khoma.
Ukawatayirira, agogoda ngati mwininyumba pa wani.
Mpata wake ndi wa tsitsi limodzi
ndi kachidutswa.
Ndinayeza katatu. Maringi ndinapala ndi tupa,
kuwasiyira kakamwa koti apumirepo.

Usiku ku Rosettenville timagona anayi m'chipinda chimodzi,
malire athu ndi nsalu yopachika pawaya.
Ajasi amadzuka usiku kuswali, Malizani amaliza mkonono,
wachinayi sitimufunsa kumene amapita.
Zaka zitatu sitinamenyanepo.
Palibe anatiyeza ndi dongo,
tinangophunzira pobweza chigongono.

Lachisanu ndinaikanso dongo.
Awiri ndi pang'ono.
Ndinaliumba kang'ombe, nyanga zake za machesi,
n'kukaimika pawindo pambali pa sipanala.

Titaliza, inayamba ndi kulongolola,
gwedegwede wa zitsulo zozizira,
Faizel nkhope gwa, akundiyang'ana.
Dikirani, ndinatero.
Singano ya kutentha inakwera,
phokoso linamira pang'onopang'ono,
mpaka kutsala mawu amodzi, osalala, akuya.

M'katimo, kambirimbiri pa sekondi iliyonse,
pisitoni ikukwera, vavu ikuthawa,
kuyandikana mpaka kununkhizana mpweya,
osakhudzana.

Anandipatsa ndalama osawerenga kawiri.
Ndinasamba m'manja ndi sopo wa ufa ndi utuchi,
zakuda za m'zikhadabo zinakana.
Basi ya ku Lilongwe inyamuka Lamlungu ku Park Station.
Kang'ombe kaja ndakakulunga m'nyuzipepala,
ndampatsa kondakitala.